Homuweki ya mwana wamng'ono: mphindi 10 dzuwa lisanalowe

Kuno ku Mzuzu makolo ambiri amayeza ubwino wa sukulu ndi kuchuluka kwa homuweki. Mukakwera minibasi ya ku Luwinga, kapena mukaima pamzere pachigayo ku Chibavi, simulephera kumva mayi akuuza mnzake kuti, "Sukulu imene ija ndiye sukulu, wanga amabwera ndi homuweki tsiku ndi tsiku, masamba atatu osachepera." Mnzakeyo amangoti, "Eee, zoona?" koma mumtima mwayamba kumuwawa, poti wake amabwera ndi timawu towerengeka tolembedwa pakona pa kope. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya boma mumzinda uno, ndiponso ndili ndi mwana wanga amene ali mu Sitandade 1. M'mawa ndine wopereka homuweki, madzulo ndine mayi wokhala pakhonde kumvetsera. Maganizo anga ndi akuti mwana wa zaka 6 kapena 7 safunika kusenzetsedwa ntchito yambiri. Chimene akufunika ndi kantchito kochepa, kamene akukadziwa kale, kochitika nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, munthu wamkulu ali pambali pake kutchera khutu.

M'mawa ndikamachonga makope, kope limene walemba mwana ndimalidziwa msanga. Malembo ake satsata mzere, ena akwera ena atsika, "b" wasanduka "d", "s" wayang'ana kumbuyo. Pensulo amaikanikiza mwamphamvu mpaka kuseri kwa tsamba kumatuluka timizere, ndipo pamene analakwitsa pali kachiboo kakuda, chifukwa labala anataya kalekale ndiye wafufuta ndi chala chonyowetsa malovu. Kope lotere limandisangalatsa. Limandiuza zoona zokhazokha: apa mwanayu wamva, apa sanamve, mawa ndiyambire apa. Koma pakati pa mulu womwewo mumatuluka makope ena oyera mbee, malembo opendekeka mofanana, olumikizana bwinobwino, dzanja la munthu amene analemba mayeso a Sitandade 8 kalekale. Zonse zolondola. Ndikamuitana mwini kope kuti, "Tabwera mwanawe, undiwerengere mzere woyambawu," amazyolika, n'kumakanda mwendo ndi chala cha phazi linalo. "Walemba ndani?" Kayankho kake kamatuluka chapansipansi: "Adada." Ena amati asisi, ena ankolo.

Makolo amenewa sindiwaimba mlandu, chifukwa ndikudziwa mmene zimayambira. Bambo wafika pakhomo kutada, tsiku lonse wapalasa njinga yonyamula anthu, ija kuno timati sakaramento, kuchoka kudepoti kupita ku Mchengautuwa n'kubwereranso, miyendo ili lendee. Mwana akuwodzera, magetsi athima, ndiye pali masamu 20 oti awonkhetse. Ayesa awiri oyamba limodzi, mwana wayamba kulira, bambo n'kuti, "Bweretsa kuno," n'kulemba okha kuti mwana wawo asakakwapulidwe mawa. Chimenecho ndi chikondi ndithu. Koma chikondi chimenechi chimaphimba maso mphunzitsi. Amaika tiki yofiira pa ntchito ya bambo, n'kupitirira ndi phunziro lotsatira poganiza kuti mwana ali naye limodzi, pamene mwanayo anatsalira sabata yatha. Mwana naye watolapo phunziro loipa, lakuti ntchito ya sukulu ndi yoti wina akuchitire, bola tiki ipezeke. Ndipo tikalondola bwino, vutoli silinayambire kunyumba. Linayambira kwa amene anapereka masamu 20 kwa mwana wa zaka 7.

Ndikanena zimenezi pamsonkhano wa makolo, sipalephera bambo wina woimirira n'kuti, "Koma amadamu, m'mera mpoyamba. Akapanda kuzolowera panopa adzazolowera liti?" Ndimavomereza, m'mera mpoyambadi. Koma aliyense amene anafesapo nazale ya tomato kudimba akudziwa kuti mbande ukaikhuthulira ndowa yonse nthawi imodzi imavunda. Imafuna timadzi pang'ono m'mawa ndi madzulo, osadumphitsa tsiku. Chimene chimazolowetsa mwana ndi kubwerezabwereza. Akatswiri ofufuza za maphunziro anaziona kale zimenezi. Pulofesa Harris Cooper wa ku Duke University ku America, pamodzi ndi anzake, mu 2006 anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri wokhudza homuweki. Anapeza kuti kwa ophunzira akuluakulu a kusekondale, homuweki imayendadi limodzi ndi kukhoza bwino, koma kwa ana a makalasi oyambirira mgwirizanowo ndi wochepa kwambiri. Iye yemweyo amalimbikitsa lamulo losavuta kukumbukira, la mphindi 10 pa kalasi iliyonse: Sitandade 1 mphindi 10, Sitandade 2 mphindi 20, Sitandade 3 mphindi 30. Kafukufukuyo anachitikira ku America, inde, koma mwana wa zaka 6 amatopa mofanana, kaya ali ku America kaya ku Zolozolo. Zikadutsa mphindi zimenezo thupi lokha ndi limene latsala pa kope, maganizo ali kale kwa anzake amene akumenya mpira wachikulunga panjira.

Nanga m'mphindi zimenezo mwana achitemo chiyani? Awerenge mokweza zimene waphunzira kale m'kalasi tsiku lomwelo. Chinthu chatsopano chiphunzitsidwe ndi mphunzitsi. Kunyumba ndi kokapondereza chabe. Kuyambira mu 2016, pamene boma linakhazikitsa National Reading Programme m'sukulu zake zapulayimale, ana a makalasi oyambirira amaphunzira kuwerenga poyambira pa liwu la lembo, kenako maphatikizo, kenako mawu, kenako chiganizo. Malembo sitiyambanso ndi a, b, c monga kale. Timayamba ndi a, n, i, k, u, m, e, t, o, zimene aphunzitsife timangoti "anikumeto", chifukwa malembo amenewa amapezeka kawirikawiri m'Chichewa. Mwana akangogwira ochepawa amayamba kuwerenga mawu enieni: ana, mano, mutu, moto. Ndikanakonda kholo lililonse likanaona nkhope ya mwana tsiku limene wazindikira kuti "mo" ndi "to" akakumana akutchula moto womwe uja amaphikira amayi ake. Amadzidzimuka, kukuyang'ana, n'kubwerezanso mokuwa kuti kalasi yonse imve. Chimwemwe chimenecho ndi chimene homuweki iyenera kupita nacho kunyumba, kuti akachionetse kwa wina.

Apa ndi pamene makolo ofunitsitsa kuthandiza amasokoneza mosadziwa. Ambirife tinakula ndi "a e i o u, ba be bi bo bu" komanso mayina a malembo a Chingerezi. Ndiye mwana akakakamira pa "moto", kholo limati, "Em, o, ti, o. Werenga!" Mwana ayesa kulumikiza "em" ndi "o", chotuluka ndi "emo". Pamene m'kalasi anaphunzira kutseka milomo n'kung'ung'udza "mmm", n'kulikoka liwulo mpaka likakumane ndi "o". Choncho pempho langa loyamba kwa makolo limakhala lakuti amusiye mwana awaphunzitse iwowo. Mufunseni, "Kodi amadamu amati lembo ili limalira bwanji?" Mwana amanyadira kwabasi kukhala mphunzitsi wa bambo ake, ndipo pofotokozapo m'pamene zimakhazikika m'mutu mwake.

Chizolowezi cha homuweki chimayambira m'kalasi. Sukulu zikatsegulidwa mu Seputembala, masabata oyambirira sindipereka homuweki ngakhale imodzi, ngakhale kuti makolo ena amafika pakhomo la kalasi kudzafunsa ngati ndaiwala. Nthawi imeneyo timaiyeserera m'kalasi momwemo. Kukatsala pang'ono kuweruka ndimati, "Tiyeni tiyerekeze kuti tafika kunyumba." Ana amabereka zikwama zawo, kuyenda pamalo amodzi, kuomba m'manja n'kuti odi. Tadya, tasewera, tsopano nthawi yakwana. Aliyense atulutse kope. Apeze tsamba limene lili ndi deti la lero. Aike chala pansi pa mawu oyamba. Awerengere mokweza mnzake amene lero ndi "agogo", ndipo agogowo, atakwinya nkhope mwaukuluukulu, aike kachizindikiro pansi pa ntchitoyo. Kope libwerere m'chikwama nthawi yomweyo, lisatsale pawindo kapena pamphasa pamene kamng'ono kake kangakwawe n'kuling'amba. Munthu wamkulu angaone ngati ndi masewera otayitsa nthawi, koma mwana sabadwa akudziwa zimenezi. Kupeza tsamba loyenera pakokha ndi luso. Ambiri amangotsegula pakati pa kope n'kulemba paliponse pamene papezeka poyera, ena mpaka chozondotsa. Timabwereza mpaka manja awo azichita okha, ndipo pokhapo ndi pamene kope limayamba kupita kunyumba ndi ntchito.

Ntchitoyo imakhala yaing'ono: maphatikizo angapo, mawu asanu, kachiganizo kamodzi, tsiku lina masamu atatu kapena anayi. Amakopera okha pabolodi ine ndikuzungulira kuona ngati akopera molondola, chifukwa mwana akakopera molakwika, madzulo amakaloweza cholakwikacho. Mabuku a boma sakwanira aliyense, ndiye kope ndilo buku lathu lowerenga kunyumba, ndipo liyenera kusamalidwa. Za mvula ya ku Mzuzu aliyense akuzidziwa. Ikayamba kumapeto kwa chaka imatha kufika Epulo ngakhale Meyi ikugwabe, ndipo mwana wochokera ku Masasa kapena ku Chiputula amalowa m'kalasi madzi ali chuchuchu. N'chifukwa chake lamulo lina la m'kalasi mwanga ndi lakuti kope lililonse lizikhala m'pepala la shuga. Kapulasitiki kamene mumataya shuga akatha kapulumutsa makope ambiri kuposa chikwama chodula cha pamsika wa Taifa.

Pa zonse, chimene ndimachikokera kwambiri ndi nthawi. Mabanja ambiri homuweki amaikumbukira nsima yamadzulo itadyedwa, mwana wamng'ono maso atalemera kale ndi tulo. Palibe nthawi yoipa kuposa imeneyo. Kuno m'miyezi ya Juni ndi Julaye 6 koloko isanakwane kwada kale, chifunga chatsika, kukuzizira mpaka zala kuuma, pensulo osagwirika. Magetsi kaya alipo kaya palibe, ndipo nyumba zambiri zimadalira katochi ka foni kapena kandulo imodzi imene ikufunikanso kophikira. Pamene kuwala kwaulere kunalipo masana onse. Ana a Sitandade 1 ndi 2 amaweruka msanga kuposa akuluakulu awo. Akafika adye, apume, asewere phada kapena mpira mpaka thukuta kamukamu, poti masewera nawonso amamukuza mwana. Kenako dzuwa likapendeka, lisanalowe, ndiyo nthawi yake. Mwana wa msinkhu uwu wotchi saidziwa, ndiye kumuuza kuti "4 koloko" n'kungodzivuta. Imangirireni homuwekiyo ku chinthu chimene chimachitika tsiku lililonse pakhomopo: akangomaliza kusamba, kapena amayi akangoyatsa mbaula ya ndiwo zamadzulo. Kwathu ndi mbaula. Ndikangothira makala n'kuyamba kukupiza, mwana wanga amadziwa yekha, amakatenga chikwama n'kudzakhala pakhonde pafupi nane. Iye akuwerenga, ine ndikudula tomato, khutu lili kwa iye. Mphika usanawire wamaliza, wathamangiranso kwa anzake. Pakapita masabata angapo mkangano umatha wokha, poti mwana saionanso ngati chilango chimene amayi aganiza lero. Kwa iye ndi mmene tsiku limayendera basi.

Tebulo ndi mpando musavutike nazo. Mphasa ndi thireyi kapena kathabwa koika pamiyendo zakwana. Wailesi ichepetsedwe, TV izimitsidwe kwa mphindi zochepazo.

"Nanga ife osaphunzirafe?" Funso limeneli anandifunsa agogo ena amene akulera okha mdzukulu wawo. Anadikira msonkhano uthe, n'kubwera pambali, mawu ali pansi, Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa. "Amadamu, ine kusukulu sindinapondeko. Mwanayu akandisonyeza kope ndimangoyang'ana, palibe chimene ndikuonapo." Ndinawayankha kuti, "Agogo, makutu muli nawo. Ntchito yanu ndi kumva basi." Munthu wosadziwa kuwerenga amasiyanitsa bwinobwino mwana amene akuwerenga ndi amene akudodoma. Amadziwa ngati chimene chatuluka pakamwa ndi mawu enieni kapena ayi. Angathe kunena kuti, "Tabwerezanso pamenepo," kapena kufunsa, "Ndiye kuti chiyani?" Ndinawapempha kuti mwana akamaliza, iwo azijambula kamzere pansi pa ntchitoyo. Kamzere kawo kokhotakhota, kokanikiza ngati ka mdzukulu yemweyo, kankapezeka m'kopemo osaphonya, ndipo pofika temu yachitatu mwanayo anali m'gulu la owerenga bwino m'kalasi. Agogowo sanamuphunzitse lembo ngakhale limodzi. Chimene anamupatsa ndi munthu woyembekezera kumumva madzulo alionse, ndipo ana ambiri a makolo ophunzira, okhala m'nyumba za mipanda, chimenechi alibe.

Palinso amayi amene amakhala pamsika wa Zigwagwa mpaka mdima, ndi abambo amene ntchito yawo ndi yausiku. Amenewa apeze wowaimirira: mkulu wake wa mwanayo amene ali Sitandade 6, azakhali, aneba. Pamapuloti pamene pali nyumba zingapo za lendi, mayi mmodzi amene ali pakhomo angathe kukhazika ana onse pakhonde limodzi. Koma wowaimirirayo auzidwe momveka kuti wabwera kudzamvetsera, pensulo asaigwire.

Mzuzu ali ndi chakenso china. Buku lili m'Chichewa, koma mwana kunyumba amayankhula Chitumbuka, wina Chitonga cha ku Nkhata Bay, wina Chinkhonde cha ku Karonga, wina Chilambya cha ku Chitipa. Chiyambireni 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, ana ambiri a kumpoto kuno akhala akuphunzira kuwerenga m'chiyankhulo chimene si cha m'nyumba mwawo. M'tauni muno amachitola msanga posewera, komabe amakumana ndi mawu amene amawatchula bwinobwino osadziwa chimene akutanthauza. Makolo ena amaopa kufotokoza m'chiyankhulo chawo, ati angamusokoneze mwana. Ayi ndithu, mufotokozereni m'chiyankhulo chimene anayamwa. Mwana amene akutchula mawu osawamva sanayambe kuwerenga. Ndiponso malembo ambiri amalira mofanana m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, kotero amene wagwira maphatikizo m'chimodzi sadzavutika kwenikweni m'chinacho.

Tsopano ndinene za chikwapu, poti ndi nkhani imene imandipweteka mtima. Madzulo ndikamadutsa m'tinjira ta kwathu ndimamva mawu ochokera m'nyumba: "Ndakuuza kangati? Mbuli iwe! Anzako akukhoza, iwe watani?" Kenako kulira. Ana amenewa m'kalasi ndimawazindikira popanda wondiuza. Ukangoloza lembo amayamba kuphethira, maso ali padzanja lako, bolodi osaliyang'ana. Amalota mayankho mofulumira kuti zithe msanga, kapena amangoti duu, ngakhale pa mawu amene dzulo anawerenga bwinobwino. Mantha amatseka mutu. Nzeru zonse za mwanayo zimathera pa kuzinda khofi, ndipo pang'ono ndi pang'ono kope lenilenilo amayamba kulida. Makolo anzanga, mwana akalephera mawu kawiri katatu, muuzeni, abwereze, mupitirire. Akalephera zonse, kapena misozi ikayamba kulengeza, tsekani kope. Libwere kusukulu momwemo, lopanda kanthu, ndipo ngati mungathe lembani pansi kuti "zamuvuta". Kwa mphunzitsi liwu limenelo ndi lothandiza kuposa tsamba lodzaza ndi mayankho olondola a ankolo. Mwana akalephera homuweki banja lisachite manyazi. Mwina mphunzitsi anathamanga pophunzitsa, mwina mwanayo amakhala kumbuyo ndipo bolodi saliona, mwina maso kapena makutu ali ndi vuto lofunika kuchipatala, mwina anapita kusukulu m'mimba muli pululu. Pa zonsezi palibe chimene chikwapu chingachipeze.

Nafenso aphunzitsi tili ndi mbali yathu. Homuweki ukapereka, uione. Mwana amene analimbikira dzulo pakhonde, m'mawa amabwera kope lili m'manja, maso ali pa iwe. Ukapanda kuliyang'ana masiku angapo otsatizana amasiya kulemba, ndipo sakulakwa. Koma tinene zoona za makalasi athu. Chiyambireni 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi oyambirira akhala odzaza. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'sukulu zambiri za m'tauni Sitandade 1 ndi 2 zimapitirira 100. Mphunzitsi amene wapereka masamba atatu kwa ana 100 wadzipatsa masamba 300 oti achonge. Sangathe, ndiye amangoika chitiki chachikulu pakati pa tsamba osawerenga, kholo n'kumasangalala kuti mwana akukhoza. Ntchito yochepa ndi imene munthu angathe kuilondola. M'kalasi mwanga m'mawa ana amawerengerana awiriawiri, ine ndikuyenda pakati pawo kuona timizere ta makolo, ndipo tsiku lililonse ndimakhala pansi ndi gulu limodzi kumvetsera mwana aliyense payekha. Pofika Lachisanu aliyense ndamumva.

Amene sanachite sindimugwaditsa panja, sindimutuma kukatola zinyalala anzake akuphunzira. Ndimayamba ndamufunsa. Kamtsikana kena kanandiuza kuti kakaweruka kamabereka mwana mpaka amayi ake atabwera kogulitsa, kenako kukatunga madzi kukiyosiki, kenako kutsuka mbale, pamene mlongo wake wa Sitandade 3 ali kosewera. Nkhaniyi ndinakaitula kwa amayi a gulu la amayi la pasukulu pathu, iwo anakacheza ndi banjalo mwaulemu, ndipo ntchito zapakhomo zinagawidwa mwatsopano. Pamenepa tiyang'anepo bwino: m'nyumba zambiri mphindi 10 za mnyamata zimapezeka mosavuta, za mtsikana ndi zimene zimamezedwa ndi mbale ndi zigubu. Kwa ana amene kwawo n'kosathekeratu, tinakonza zoti akafika m'mawa belu lisanalire azikhala pakhonde la kalasi ndi wophunzira wa Sitandade 7 wowamvetsera. Akuluakuluwo amaikonda ntchitoyi, ena mpaka amabwera kudzandiuza kuti "wanga uja lero wawerenga zonse."

Za mapati taimu ndi sukulu zina zapulaiveti ndinenepo mwachidule. Ndikudziwa ana amene akaweruka amathamangira ku pati taimu mpaka madzulo, n'kubwerako ndi homuweki ina pamwamba pa ya kusukulu. Ndaonanso ana a sukulu ya mkaka, a zaka 4, atapatsidwa tsamba lonse loti alembe manambala mpaka 50, dzanja lisanakhwime n'komwe. Eni sukulu ena amachita zimenezi chifukwa akudziwa kuti n'zimene kholo lolipira fizi likufuna kuona. Ndiye kuti zisinthe tiyambe ndife makolo. Tikapita kusukulu funso la masamba tilisiye, tizifunsa kuti, "Kodi mwana wanga akutha kuwerenga chiyani tsopano chimene mwezi watha samatha?" Chinanso chimene sindigwirizana nacho ndi homuweki yotumizidwa pa gulu la WhatsApp la makolo. Foni ili ndi bambo kutauni, bandulo yatha, ena foni yotere alibiretu. Choposa zonse, udindo wachoka m'manja mwa mwana, pamene iye mwini ndi amene amayenera kudziwa kuti lero ali ndi ntchito yanji.

Masamu nawo asamangokhala a m'kope. Kukoleji ya zauphunzitsi anatiphunzitsa TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndipo kunyumba ndi kumene zinthu zotere zadzaza. Mwana aliyense m'kalasi mwanga ali ndi kathumba ka zitsekerero za mabotolo 20, ndipo ndimapempha kuti kunyumbanso akhale nako. Akamawonkhetsa 7 ndi 5, ayale zitsekerero pamphasa, azikankha chimodzichimodzi ndi chala. Kuwerenga zala musamuletse, nthawi yosiya idzafika yokha. Mukamutuma kuokala, mufunseni asananyamuke kuti chenji abwera nayo yochuluka bwanji. Mukagula nthochi za ku Nkhata Bay, aziwerenge, azigawe: "Tilipo anayi, aliyense adya zingati?" Kuwerenga malembo chimodzimodzi: pepala la sopo, chikwangwani cha pagolosale, buku la nyimbo kutchalitchi. Bungwe loyang'anira malaibulale, la National Library Service, lili ndi nthambi yake muno mu Mzuzu. Mukapeza mpata muli m'tauni, kamulowetseni mwana akagwireko buku la zithunzi.

Lachisanu kope silipita ndi ntchito yolemba. Homuweki ya kumapeto kwa sabata ndi yapakamwa: aliyense akapemphe munthu wamkulu kwawo amusimbire nthano, amuphere ndagi, kapena amufotokozere mmene kumudzi kwawo kunalili iwo ali ana. Imeneyi palibe kholo lingaichite m'malo mwa mwana, ndiponso palibe agogo anganene kuti sindinaphunzire. Lolemba m'mawa timayamba ndi zimenezo. Wosimba akati "Padangokhala," kalasi yonse imayankha "Tili tonse," ndipo wofuna kusimba m'Chitumbuka amasimba, mnzake n'kutimasulira. Kenako ndimasankha mawu m'nthano zomwezo, kaya kalulu, fisi, munda, mvula, njala, n'kuwalemba pabolodi. Ana amakopera, ine ndikuzungulira kuona, ndipo amenewo ndiwo mawu okawerenga kunyumba madzulo a tsikulo.